Bala la Opaleshoni Yomwe Sinachitike

A metroni anandiimbira foni Lachiwiri m'mawa, ndili pakati powerenga fayilo ya bambo wina amene ankati galimoto yake inagunda ng'ombe.

"Ndinu mkulu wake wa mtsikana wathu wa Fomu 3 uja, amene anachitidwa opaleshoni ya apendikisi?"

"Ndine."

"Bala lija latseguka. Tamupeza m'bafa akutuluka magazi, ndiye tathamangira naye kuchipatala cha kuseri kwa msika. Foni ya mayi anu ikungoitana."

Ndinathokoza mwaulemu, n'kuika foniyo padesiki. Mng'ono wanga sanachitidwepo opaleshoni chibadwire. Pamimba pake panalibe bala loti n'kutseguka. Ndinkadziwa bwino chifukwa opaleshoniyo ndinaipeka ndine.

Ntchito yanga ndi yogwira anthu abodza. Kukampani ya inshuwalansi kumene ndimagwira, munthu akabweretsa nkhani ya ngozi, amandipatsa ine kuti ndifufuze pamene ikudontha. Nkhani iliyonse yopeka imadontha penapake. Ng'ombe ya bambo uja, mwachitsanzo, inasiya penti yobiriwira pabampala. Ntchitoyi ndimaikonda kuposa mmene munthu wabwino ayenera kuikondera.

Mng'ono wangayo timamutcha Mzime, poti ndiye wotsiriza kubadwa. Ali ndi zaka 16. Miyezi inayi izi zisanachitike, ali pa holide, amayi anaona kuti paketi ya mapadi imene anamugulira ili chitsekere. Anaitanitsa msonkhano kuchipinda kwawo: iwowo, ine, ndi mng'ono wawo wa saluni amene timamutchula kuti mayi aang'ono. Abambo amayendetsa thiraki, ndipo anali paulendo wa masabata awiri. Mzime anakhala pansi pafupi ndi chitseko, atakumbatira mawondo. Tinakambirana za iye kwa maola awiri, ndipo pa maola awiriwo tinamufunsa funso limodzi lokha: "Ndi ndani?" Anali mnyamata woimba kiyibodi kutchalitchi kwathu. Mayi aang'ono anati akudziwa malo, ndipo Lachisanu lake zonse zinatheka.

Chotsalira chinali chowauza anthu. Mzime anagona sabata yathunthu, akadzuka ankayenda chowerama atagwira pamimba, ndipo anthu oyandikana nawo nyumba ali ndi maso.

"Tinene kuti malungo," anatero amayi.

Ndinaseka. "Malungo ake ati ogwiritsa munthu pamimba?"

"Zilonda zam'mimba," anatero mayi aang'ono.

"Abambo ali nazo. Akamufunsa mafunso awiri basi, tagwidwa."

Ndiye ndinati apendikisi. Ndinatenga pepala n'kulemba zonse: tsiku limene ululu unayamba, mbali yake, kumanja chapansi, chipatala chakutali kumene sikugwira ntchito munthu aliyense wa kutchalitchi kwathu, dokotala wamtali wa magalasi, masabata asanu ndi limodzi osanyamula ndowa. Ndinamumata bandeji pamimba. Kenako ndinakhala pamphepete pa bedi lake n'kumamufunsa ngati mmene ndimafunsira eni galimoto.

"Unayamba kumva kupweteka liti?"

"Lachitatu madzulo."

"Mbali iti?"

"Kumanja, chapansi."

"Usamayankhe mothamanga. Wonena zoona amayamba waganiza kaye."

Anaphunzira msanga, mwana wanzeru. Ine ndinatuluka m'chipindamo ndikudzimva ngati ndakhoza mayeso.

Bodzalo linayenda bwino mopitirira muyezo. Abambo atabwerako anakhala katswiri wa apendikisi tsiku lomwelo. Anati vuto ndi njere za magwafa, anatenga chikwanje n'kugwetsa mtengo wa gwafa wa kuseri kwa nyumba umene unalibe mlandu uliwonse. Amayi a kutchalitchi anabwera kudzapemphera, mmodzi mpaka anakweza bulauzi kuonetsa chipsera chake kuti Mzime alimbe mtima. Aliyense anali ndi mawu otonthoza a apendikisi, ndipo Mzime ankathokoza aliyense. Mnyamata wa kiyibodi uja anapitiriza kuimba Lamlungu lililonse atatsinzina, mutu uli m'mwamba. Palibe anamufunsa mbali imene ikumupweteka.

Mzime anasiya kugona. Ankadya ngati akumwa mankhwala. Tsiku lina ndinamupeza ataima pawindo la kukhitchini akuyang'ana matewera amene mayi wa nyumba yoyandikana anayanika, madzi akusefukira m'sinki.

"Achemwali," anatero osatembenuka, "kodi pa masabata khumi amakhala ali ndi..."

"Tseka mpopiwo. Zimenezo zinatha."

Amayi nawo yankho lawo linali limodzi: "Madzi akatayika saoleka. M'nyumba muno munalowa apendikisi, basi." Atabwerera kusukulu yogonera komweko, malikisi ake anatsika, ndipo aphunzitsi analemba kuti mwina ndi mphamvu ya mankhwala ogonetsa aja. Bodza langa linkayankha mafunso ngakhale amene sindinawaganizire. Munthu ankamira pamaso pathu, aliyense n'kumanena kuti n'chifukwa cha opaleshoni.

Ndinafika kuchipatala cha m'ma 10 koloko. Amayi ndinali nditawapeza kudzera mwa mnzawo wa pashopu yawo yosoka, ndipo anafika patangopita mphindi zochepa, tepi yoyezera ikadali m'khosi. A metroni anatilandira pakhonde, pafupi ndi benchi imene anthu ankadikirirapo kubayitsa jakisoni.

"Ana a masiku ano ndi nkhanza zokhazokha," anatero a metroni. "Ndangomva lero kuti akhala akumuvutitsa. Kubafa amati tione chipsera. Iye amakana. Ndiye wina, mayi ake ndi a nesi, akuti apendikisi yopanda chipsera ndi ya mtundu wina, yolira. Mpaka anapeka kanyimbo. Masabata atatu wakhala akusamba yekha anzake onse atatha. Ine ndinawauza lero kuti mwaona, si ili bala mumafunali? Mwasangalala?"

Amayi anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana chikwangwani cha pakhoma chophunzitsa kusamba m'manja.

A metroni atabwerera kusukulu, m'chipinda munatuluka nesi wachikulire, wamfupi, wa nsapato zakutha chidendene. Anatikokera pakona.

"Mayi ake ndinu? Tamusoka, balalo si lakuya, achira. Koma tisanamizane. Ndagwira ntchito kuchipinda cha opaleshoni zaka khumi ndi ziwiri. Pamimba pa mwanayu sipanadutsepo dokotala. Wadzicheka yekha."

"Yesu," anatero amayi.

"Ndipo wadzicheka pamalo pake penipeni, kumanja chapansi. Wina anamuphunzitsa bwino." Nesiyo anayang'ana amayi, kenako ine. "Ndamufunsa katatu chimene chachitika. Katatu konse akuti Lachitatu madzulo, dokotala wamtali wa magalasi, mawu omwewo osasintha ngakhale limodzi, ngati ndakatulo ya pa asembule. Mwana amene wafika podzicheka sindimutulutsa ndi panado. Tili ndi mlangizi wa za maganizo, amabwera Lachinayi. Koma pafunika kholo lisaine, ndipo pafunika mwanayo aloledwe kulankhula."

Anatisiya pomwepo. Amayi anandigwira dzanja mwamphamvu mpaka zikhadabo zawo zinandilowa.

"Iwe wophunzira, ganiza msanga. Bambo ako akufika mawa. Tinena chiyani?"

Chimene sindidzadzikhululukira n'chakuti yankho ndinali nalo kale. Linabwera lokha nesi uja akulankhula. Opaleshoni inali yamakono, ya kabowo kakang'ono, yosasiya chipsera. Lero waterereka m'bafa n'kugwera ndowa yosweka. A metroni akanakhulupirira, abambo akanapita kusukulu kukakalipira za ndowa. Zonse zinalumikizana bwinobwino m'mutu mwanga pasanathe theka la mphindi, mng'ono wanga ali kuseri kwa khoma ndi ulusi pamimba, ndipo penapake mumtima ndinamva kukoma kuja ndimamva fayilo ikatheka.

"Sitinena chilichonse. Musaine pepala la mlangiziyo."

"Wapenga? Akauze munthu wachilendo? Mawa lake tauni yonse idziwe?"

"Tauni, tauni! Tauniyo ndi imene yagona pabedi umo?"

"Tsitsa mawu."

"Takhala tikutsitsa mawu miyezi inayi, amayi. Onani pamene tafika."

"Lero ndiye wasanduka woyera iwe? Analemba pepala lija ndani? Anamata bandeji ndani? Ine ndinati malungo, ukanandisiya bwenzi pano palibe wofunsa chipsera."

Zinali zoona, ndipo zinandipsetsa mtima kwambiri chifukwa zinali zoona.

"Ndinasiya sukulu ndili Fomu 2," anapitiriza amayi, "ndi mimba yako iweyo. Anzanga amene ndinkawaposa masamu lero amabwera pashopu panga kudzandiyezetsa madiresi a maphwando, n'kumandiuza kuti ndafupikitsa. Ukuganiza ndinamutengera kuja chifukwa chomuda? Ndinamupulumutsa. Tipita naye kunyumba, tikamupempherere, aiwala."

"Inuyo munaiwala?"

Amayi anachotsa tepi ija m'khosi, naipinda bwinobwino, n'kukankha chitseko.

Mzime anali atagona chagada, atavala siketi ya yunifolomu ndi malaya a chipatala. Anali ataonda kuposa mmene ndinamuonera pa tsiku loyendera ana, milomo itauma. Nesi uja anali pambali akulemba.

"Mwanawe, watiopseza," anatero amayi ndi mawu awo a kutchalitchi. "A nesi, mwanayu chichitireni opaleshoni ija mutu wake sukuyenda bwino. Ife timutenga, akapume kunyumba."

Mzime sanawayang'ane n'komwe. Anayang'ana ine.

"Achemwali, ndinene chiyani tsopano? Za chipsera simunandilembere."

Sananene monyoza. Ankafunsadi, ngati mwana wofunsa tsamba limene mayeso achokere.

"Nena zimene zinachitika," ndinatero.

"Ziti? Zanu zija?"

"Zako."

Anaseka, kuseka koipa kotulukira m'mphuno, kenako anagwira pabalapo chifukwa kunamupweteka.

"Zanga. Lero ndili ndi zanga. Munakhala pabedi la amayi anthu atatu, ine pansi ngati mbale yosweka mukukambirana kokaitaya. Munandifunsa chiyani? 'Ndi ndani.' Basi. Mayi aang'ono anafunsa amayi ngati Lachisanu ali ndi mpata. Amayi! Ine mpata wanga sunafunsidwe."

"Anthu akumva," ananong'oneza amayi.

"Amve! Mwina ndikanavomera ndekha, mukudziwa? Mwina ndikanakugwadirani kuti mundiperekeze. Sukulu ndimaifuna, mwana sindinkamufuna, kaya ndinkamufuna, sindikudziwa, palibe anandipatsa ngakhale tsiku limodzi loti ndidziwe. Ndiye pobwera kuja mwandigulira yogati. Yogati! Kenako aliyense pepani apendikisi, pepani apendikisi, abambo kudula mtengo, ine zikomo, zikomo. Ndikatseka maso ndimamva kulira kwa zitsulo zija m'mbale. M'kalasi ndimawerenga masabata m'malo mwa masamu. Ndikafuna kunena, 'tseka mpopi.' Ndinaganiza kuti chipsera chikakhalapo atsikana aja andisiya, ndipo mwina nanenso ndikhulupirira, ndigone ngati anthu."

Amayi anayandikira kuti amugwire pakamwa kapena pamutu, sindikudziwa. Mzime anatembenuzira nkhope kukhoma.

"A nesi, amayi atuluke."

Ndinagwira amayi pamkono. "Tiyeni, mwamva."

"Inunso," anatero Mzime. "Makamaka inuyo. Amayi amangoopa. Inu munkasangalala."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndikane, koma ntchito yanga yandiphunzitsa kuzindikira umboni wosatsutsika. Ndinatuluka.

Tinakhala pabenchi ya odikira kujambulidwa X-ray, pakati pathu pali malo okwana munthu wina. Kutsogolo kwathu kunadutsa wokolopa kawiri, mayi wina wa mwana wa chifuwa anatifunsa ngati tili pamzere. Patatha pafupifupi ola, nesi uja anatuluka ndi pepala ndi cholembera.

"Agona kuno mpaka Lachinayi, aonane ndi mlangizi. Kenako azibwera sabata iliyonse. Sainani apa."

"Wakuuzani chiyani?" anafunsa amayi.

"Zimene wandiuza ndi zake, mayi. Ine si wailesi."

"Sindisaina."

Nesiyo anapumira m'mwamba, n'kundiyang'ana. "Inu simungasaine, si inu kholo. Bambo ake alipo?"

Ndinatulutsa foni. Ndinapeza nambala ya abambo n'kuwaonetsa amayi, chala changa chili pamwamba pake.

"Alipo. Akhoza kusaina mawa. Koma ndiyenera kuwafotokozera chimene akusainira, kuyambira paketi ya mapadi mpaka dokotala wa magalasi. Ndiwauza kuti pepala ndinalemba ndine, sindidzibisa. Sankhani, amayi. Amve mlangizi mmodzi kuseri kwa chitseko, kapena amve abambo panopa ali pamsewu."

"Ukundiopseza ine? Ine amene ndinakubereka?"

"Eya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza munthu amene nsalu yake siikwana. Ndinkadziwa kuti ndikuwachita zomwe tinamuchita Mzime, kuwapanikiza pakona popanda tsiku loganiza, ndipo sindinasiye. Analanda cholemberacho, nasaina mokanikiza mpaka pepala linabooka.

"Udzabereka," anatero akuimirira. "Udzandikumbuka." Anapita osatsanzika, nsapato zikulira pakhonde lonse.

Ndinapempha nesi kuti akandifunsire ngati ndingalowe. Anabwerako n'kunena kuti ndilowe, koma mwini wake akuti ndisalankhule.

Mzime anali chiyang'anire kukhoma. Ndinakhala pampando wapulasitiki, chikwama pamiyendo. Foni inanjenjemera kawiri, abwana akufuna fayilo ya ng'ombe, ndinaizimitsa. Panja wina ankakangana ndi mlonda za malo oimika njinga.

"Akanabadwa mu Okutobala," anatero Mzime patapita nthawi, akulankhula ndi khoma. "Sindikunena kuti ndikanasangalala. Ndikungonena."

Ndinali ndi mayankho atatu okonzeka, onse anzeru. Ndinaluma mlomo.

Anadikira, ngati akuyesa ngati ndingathedi kukhala chete. Kenako anakoka bulangete mpaka pachibwano.

"Tsiku lija munali panja ndi mayi aang'ono," anatero. "Simukudziwa mmene munalili mkatimo. Munali mozizira. Anandiuza kuti ndivule nsapato, ndiye ndinasowa poziika, ndinangozigwira m'manja nthawi yonseyo."

Ndinakokera mpando pafupi ndi bedi, iye n'kupitiriza.